Mkazi wa Mwezi pa Zenera la ku Evington

Ine ndili ndi dzanja lofulumira kulemba, ndipo landipalamulitsapo kangapo. Pa ntchito yathu ya kheya, yosamalira okalamba m'makomo mwawo, nyumba iliyonse imakhala ndi buku pathebulo, ndipo usanatuluke umalembamo zimene wachita ndi zimene waona: adya, amwa mankhwala, asamba, adandaula bondo. Anzanga amalemba mizere iwiri n'kuthamangira basi. Ine ayi, ndimalemba ngati kalata yopita kumudzi. Ndi buku limeneli limene ndinatsala pang'ono kutulutsa nalo munthu m'nyumba mwake.

Munthuyo anali mzungu wokalamba wa ku Evington, mumzinda wa Leicester, amene ndinkamusamalira m'mawa uliwonse. Ndinkawatchula kuti madala. Atandifunsa tanthauzo lake ndinawauza kuti kwathu ndi mawu aulemu, koma sindinawauze kuti timawagwiritsanso ntchito poseleula. Akazi awo anali atamwalira chaka chimodzi m'mbuyomo, m'nyumba yomweyo, ndipo mwana wawo yekhayo, wamkazi, ankakhala ku Derby. Ine ndinkachokera ku Beaumont Leys pa mabasi awiri, n'kufika cha m'ma hafu eyiti. Ndinkawaphikira phala la mbewu ija amati oti, ndi tiyi, iwo n'kudya masupuni atatu n'kukankhira mbale uko. Anali ataonda mpaka lamba anachita kumuboola bowo lina.

Pa unyamata wawo madala anali m'gulu la asilikali a ndege, kumabwalo a ndege za nkhondo aja ali kummawa kwa dera lino, kumene dziko lili thyathyathya ngati mphasa. Ndege sankayendetsa. Zaka zawo zomaliza anawapatsa thebulo ndi foni, ndipo ntchito yawo inali yofufuza malipoti a anthu amene ankati aona chinthu chachilendo chikuuluka kumwamba. Munthu akaimba foni, iwo ankamufunsa nthawi, mbali imene chinali, kukula kwake, n'kulemba pa fomu. Kenako ankafufuza ngati kunali ndege nthawi imeneyo, n'kumuyankha pa kalata.

"Ambiri ankakhala ataona nyenyezi yowala basi," anandiuza tsiku lina, ndi kakunyada pang'ono. "Alimi, apolisi, ngakhale oyendetsa ndege enieni. Munthu ukayang'anitsitsa kuwala kumodzi mumdima, maso amakunamiza kuti kukuyenda."

Ine ndinawauza kuti kwathu chouluka chosadziwika bwino chimakhala lichero, ndipo palibe amene amakaripota kwa asilikali, aliyense amangotseka chitseko n'kuyamba kupemphera. Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kuwathira madzi m'kapu. Tinkagwirizana ine ndi madala aja, ndinene zoona.

Nyengo yozizira itafika pachimake, ndinawapeza tsiku lina atakhala m'mphepete mwa bedi, kabuku kali pamwendo.

"Chabweranso," anatero.

Anandifotokozera kuti m'bandakucha uliwonse kunja kukakhala kopanda mitambo, pamwamba pa chumuni cha nyumba yoyandikana nayo pankaoneka kuwala kwakukulu kokhala ndi minga mbali zonse. Nthawi zina kunkagawanika pawiri, nthawi zina patatu, kenako n'kubwereranso pamodzi. M'kabuku muja ankalemba mmene ankalembera pa ntchito yawo: nthawi, mbali, ndi kutalika kwake kuchokera padenga, akuyeza ndi nkhonya atatambasula mkono. Analembanso kalata yopita kwa asilikali a ndege, ndipo ndine ndinakaiponya m'bokosi la makalata pakona.

Ndinasuzumira pazenera. Kumwamba kunali mbuu, monga kumakhalira kuno, ngati madzi otsukira mpunga. Ndiye ndinalemba m'buku lathu lija kuti: "Akuti akuona kuwala kumwamba. Ndayang'ana, palibe chilichonse." Mawa lake ndinalembanso zomwezo. Sabata yachiwiri ndinawapeza ataima pazenera opanda juzi, mapazi ali zii kuzizira, chifukwa anali ataimirira pamenepo kuyambira faifi koloko. Ndinakwiya, ndinawakalipira ngati mwana, ndipo ndi mkwiyo womwewo ndinawonjezera m'buku mawu awiri: "Akuoneka osokonezeka."

Mwana wawo uja anabwera Loweruka n'kuwerenga buku lonse. Musamuone ngati munthu woipa. Anali mayi wotopa, wa ntchito ndi ana ake, wokhala ndi mantha kuti tsiku lina adzamuimbira foni kuti bambo ake agwa pamasitepe. Lolemba anandidikirira m'khitchini. Anandiuza kuti wakonza zoti Lachisanu kubwere nesi woyeza ngati mutu wa munthu ukugwirabe ntchito, ndiponso kuti wakaona kale chipinda ku nyumba yosungira okalamba kufupi ndi kwawo ku Derby.

"Zikomo kwambiri," anatero atandigwira dzanja. "Buku lanu latithandiza kuona zimene sitinkafuna kuona."

Sindinayambe ndathokozedwapo mopweteka chotero.

Atapita, ndinatengera tiyi kuchipinda chochezera. Madala anali atamva zonse, chifukwa makutu awo anali akuthwa kuposa anga.

"Mkazi wanga anatsirizikira m'chipinda chapamwambacho," anatero, osandiyang'ana. "Maluwa ake ali kuseli uko. Ndikatuluka muno sindidzabwereranso, ndikudziwa." Kenako anatembenukira kwa ine. "Inunso mukuganiza kuti mutu wanga wazungulira?"

Ndinayamba kuzengereza, kuti madala, ine ndimangolemba zimene ndaona.

"Simunaone kanthu chifukwa simunabwerepo pa nthawi yake," anatero mofatsa.

Mawu amenewo anakwera nane basi. Ine ndinkasuzumira pazenera dzuwa litatuluka, n'kulemba kuti palibe. Zinali ngati kupita kuchigayo Lamulungu n'kukalengeza m'mudzi kuti chigayo chinafa. Ndipo ngakhale akanakhala kuti asokonezekadi, paja amati wamisala anaona nkhondo. Ndinachita manyazi ndekha pampando wa kumbuyo.

Lachitatu ndinakwera basi yoyamba, kunja kukadali mdima, n'kufika hafu sikisi. Ndinatsegula ndi kiyi wanga, ndinakwera masitepe, tinaima tonse pazenera. Mitambo yokhayokha. Ndinaona mapewa a madala akugwa. Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndibweranso mawa. Anandifunsa kuti nkhono yalowapo bwanji, ine ndinati mwani tiyi, n'zakwathu.

Lachinayi kunacha kozizira koopsa, magalimoto onse atayera ndi chisanu. Ndinayenda kuchokera pasiteji maso ali pansi kuopa kuterereka, monga mwa masiku onse. Ndinawapeza ali kale pazenera, ulendo uno atavala juzi.

"Icho," anatero, akuloza ndi chala.

Ndinayang'ana pamwamba pa chumuni chija. Inali nthanda.

Inali ngwee, yokhayokha, yosaphethira, ndipo chapambali pake panali kamwezi koonda ngati chikhadabo. Ndinagwira pakamwa. Zaka zonse zimene ndinakhala kuno ndinali ndisanakwezepo maso kumwamba. Ndinkayang'ana manambala a mabasi, ndinkayang'ana foni, ndinkayang'ana pansi popondapo. Mumtima mwanga nthanda ndinaisiya ku Ntcheu pamodzi ndi zina zonse, ndipo sindinaganizepo kuti imafika mpaka ku Leicester.

Amayi anga analibe wotchi. Masiku a msika, pamene tinkasenza tomato kupita naye kumsewu, ankatuluka panja n'kubwerera akuwomba m'manja. "Nthanda yatuluka, akazi akuluakulu mukadali m'bulangete?" Tinkanyamuka ikadali pamwamba pa phiri, n'kukafika kumsika ikuzimirira. Amayiwo anamwalira ine ndili kuno. Nditaiona m'mawa uja ndinawasowa kwambiri, ndipo ndinalira pazenera la eni ake, yunifomu ili m'thupi.

Madala anandidikira ndimalize. Kenako anafunsa ndi mawu awo a ntchito aja.

"Mukuona zingati?"

"Imodzi."

"Ili ndi minga?"

"Ayi, madala. Ndi kanyenyezi kamodzi, koma kowala kuposa zonse. Kwathu timati nthanda."

Dzina lake la Chingerezi sindinkalidziwa. Sukulu ndinapita, koma palibe mphunzitsi amene anatulukapo nafe m'bandakucha kuti atiloze. Madala anayesa kutchula, kunangotuluka "tanda". Kenako anatseka diso limodzi ndi chikhatho, n'kutsekanso linalo. Ananong'ona mawu ena amene sindinawamve. Ndinayatsa getsi n'kuwayang'ana m'maso chapafupi, ndipo ndinaona kamtambo koyererako pakati pa diso, kofanana ndi kamene kanali m'maso mwa azakhali anga. Inali ng'ala. Chimwalirire akazi awo, amene ankawayendetsa pagalimoto, anali asanapiteko kokayezetsa maso.

Anakhala pabedi ngati munthu amene wamenyedwa.

"Nyenyeziyo ndinaiganizira tsiku loyamba lomwe," anatero. "Ndinaichotsa pa mndandanda chifukwa ndinati singakule chonchi." Anatseka kabuku kaja. "Ntchito yanga yonse inali youza anthu chinthu chimenechi. Ndipo ndalembera kalata anzanga a ntchito. Mawa musawauze nesi ndi mwana wanga. Bola azinditenga wodwala kusiyana n'kuti azinditenga chitsiru."

Amuna ndi amodzi kulikonse, oyera kaya akuda. Munthu kulolera kutaya nyumba chifukwa cha manyazi. Ndinawauza kuti pakamwa panga alibe napo ulamuliro, iwo n'kutembenukira kukhoma.

Lachisanu tinakhala anthu anayi pathebulo la m'khitchini: madala, mwana wawo, nesi uja, ndi ine chakumapeto. Nesiyo anali mayi wofatsa, wa magalasi olendewera pachingwe. Buku langa linali patsogolo pake, lotsegulidwa pa tsamba la mawu awiri aja. Anafunsa madala za kuwalako, iwo anangoti duu, maso ali pa mbale ya zipatso. Anafunsanso kachiwiri. Chete. Ndinaona cholembera chake chikuyenda, ndipo ndinadziwa chimene chikulembedwa.

"Pepani," ndinatero. "Chinthucho chilipo. Ndachiona dzulo ndi maso angawa. Zimene ndinalemba umo ndinalakwitsa, ndinkayang'ana kutacha kale. Ndi nyenyezi."

"Nyenyezi iti?" anafunsa nesi.

Apa m'pamene Chingerezi changa chinandithawa. Dzina ndinalibe. Ndinafuna kuwatsimikizira kuti ndi chinthu chodziwika, choti ngakhale mwana kwathu amachidziwa, ndiye ndinangotola chimene chinali pafupi.

"Ndi mkazi wa mwezi," ndinatero. "Woipa uja, wosamuphikira. N'chifukwa chake dzulo mwezi unali woonda."

Cholembera chinaima. Mwana wa madala anandiyang'ana ndi maso onena kuti kodi ameneyu ndiye wakhala akusamalira bambo anga. Ndinabwera kudzaikira umboni kuti munthu ali bwinobwino, ndipo tsopano amisala m'khitchinimo tinakwana awiri. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Woipa uja," anatero madala mwadzidzidzi. Anali atadzutsa mutu. "Ndiye kuti pali wina?"

"Alipo," ndinayankha ndi mawu aang'ono. "Wa madzulo. Amaoneka dzuwa likangolowa. Ameneyo amaphika bwino, mwezi ukapita kwa iye umanenepa."

Madala anatembenukira kwa nesi, msana uli chilili, ndipo ndinaona munthu wa pathebulo ndi foni uja amene ndinkangomumva m'nkhani.

"Musamulembe kanthu mayiyu," anatero. "Zimene wanenazi n'zolondola. Mwezi ukamatha umapezeka m'bandakucha, pafupi ndi nyenyezi ya m'mawa. Ukamayamba kukula umapezeka madzulo, pafupi ndi ya madzulo. Anthu a kwawo anayang'ana bwino kuposa oyendetsa ndege ambiri amene ndinawafunsapo mafunso. Dzina lake kuno ndi Vinasi. Si nyenyezi kwenikweni, ndi dziko lozungulira dzuwa ngati lathuli, ndipo landipusitsa kwa masabata atatu chifukwa maso anga achita ng'ala. Wazindikira zimenezo ndi mayi yemweyu, osati ine."

Anatulutsa kabuku kaja m'thumba la juzi n'kukakankhira kwa nesi, kuti aone nthawi zonse zimene analemba, tsiku ndi tsiku. Kenako anandiyang'ana ine.

"Koma pali chimodzi chimene a kwanu anaphonya. Akazi awiriwo ndi mmodzi."

"Bodza limenelo, madala," ndinatero, nditaiwala kuti pali alendo.

Anatenga lalanje n'kuliika pakati pathebulo kuti ndi dzuwa. Kapu yawo ya tiyi inakhala dziko lathu, kabotolo ka mchere n'kukhala nthanda. Anakayendetsa pang'onopang'ono kuzungulira lalanje lija, akundionetsa kuti kakakhala mbali iyi timakaona dzuwa lisanatuluke, kakadutsa kuseli n'kutulukira mbali inayo timakaona dzuwa litalowa. Mchere unkatayikira pansalu, koma mawu awo sanaphonye ngakhale pamodzi. Ine ndinatsutsabe, kuti munthu mmodzi sangakhale wokumana chakudya ndi wokuphikira yemweyo.

"Ndinakhala pabanja zaka makumi asanu," anatero madala. "Angathe."

Mwana wawo anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Anatuluka panja kuseli, kumene kunali maluwa a amayi ake, n'kukaima kumeneko nthawi yaitali wopanda jekete.

Nesi anachitabe ntchito imene anabwerera. Anawafunsa tsiku, anawajambulitsa wotchi, anawapatsa mawu oti akumbukire, ndipo limodzi linawathawa. Anawaunika m'maso ndi katochi n'kulemba kalata yopita kwa dokotala wa maso. Za chipinda cha ku Derby palibe anazitchulanso tsiku limenelo. M'buku la kheya saloleza kufufuta, umangodula mzere pa zolakwikazo n'kusaina pambali. Ndinadula mawu awiri aja onse akuona, ndipo dzanja langa lofulumira lija linalemera.

Yankho la asilikali linafika patapita masabata angapo, madala atachitidwa kale opaleshoni ya diso loyamba. Inali kalata yaifupi, yaulemu, yowathokoza ndi kuwauza kuti mwina chimene anaona ndi dziko lowala lija. Anaiwerenga okha, kawiri, atakhala pampando wa pazenera.

"Pafupifupi mawu omwewo amene ndinkalemba ine," anatero. Ndinkayembekeza kuti aseka, koma sanaseke. "Ndinayankha anthu ambiri chonchi. Ena anali atangoferedwa, n'chifukwa chake ankakhala ali maso nthawi imeneyo. Zimenezo ndazidziwa tsopano. Palibe ngakhale mmodzi amene ndinapita kukaima naye pazenera."

Ndinangowasisita paphewa n'kukatereka ketulo.

Nthanda ija inazimirira miyezi yotentha itayandikira, ndipo ine ndinayamba kukayikira za lalanje ndi mchere zija. Nyengo yozizira yotsatira anandisinthira ku shifiti ya madzulo, yowakonzera chakudya cha faifi koloko. Kuno nthawi imeneyo dzuwa limakhala litangolowa. Tsiku lina ndikuvula jekete pakhomo ndinamva akundiitana kuchokera kukhitchini, zenera lake loyang'ana kumadzulo.

Anali ataima pasinki, magalasi atsopano ali pamphuno. Pamwamba pa mpanda, kupitirira maluwa a akazi awo amene madala anali atawadulira okha sabata imeneyo, inali ngwee, ndi kamwezi katsopano pambali pake.

"Tanda," anatero, akuloza. Kutchula bwino kunawakanika mpaka kalekale. "Imodzi. Yopanda minga. Wabwera wophika uja."

Tinaima pamenepo mpaka mawindo anachita nthunzi. Ine ndinkaganiza za amayi anga, amene anapita osadziwa kuti amene ankawadzutsa m'mawa ndi yemweyo ankawaperekeza madzulo pochokera kudimba. Madala ankaganiza za akazi awo, ndipo sindinawafunse.

"Nanga lero kuli chiyani?" anafunsa kenako, akukoka mpando.

Kunali mbatata ndi nsomba, palibe chachilendo. Ndinawaikira mbale, ndinakhala nawo, ndipo sanaikankhire uko. Madala anakhala m'nyumba imeneyo nyengo zozizira zina zitatu, ndipo anatsirizikira m'chipinda chapamwamba chomwe chija. Koma tsiku limene ndimalikumbukira ndi lamadzulo limenelo, chifukwa ndi tsiku lokhalo pa ntchito yanga yonse limene ndinalemba mzere umodzi wokha m'buku: "Adya zonse, m'khitchini mwawo."